A Kumwenda a Pawindo la Magazi

Loweruka lapitali tinapita kukaona chiliza cha a Kumwenda, poti chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Anthu anayankhula zambiri. Abusa anati anali mkulu wa mpingo wosachedwa ku mapemphero. Wochokera kuchipatala anati anali wantchito wokhulupirika. Zonsezo n'zoona, koma ine ndinkamva ngati akunena za munthu wina wa dzina lomwelo. Palibe amene anatchula kuti ankadziwa anthu a esiteti yonse ndi zala zawo, kapena kuti anakangana ndi akazi awo zaka zambirimbiri pa nkhani ya khungu la kachilombo.

Ine pagulu sindiyankhula. Ngakhale m'kalasi, aphunzitsi akandiloza mawu amandithawa. Choncho nditabwerako ndinatulutsa makope amene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, kuti ndisawanamizire, ndipo ndalemba izi. Zimene ndinaona ndekha ndinena kuti ndinaona. Zimene ndinangomva ndinena kuti ndinangomva.

A Kumwenda ankagwira ntchito yoyeza magazi pa kachipatala ka esiteti yathu ya tiyi. Labu yawo inali kachipinda kamodzi kumapeto kwa khonde, ndipo odwala sankalowamo. Panali kawindo kakang'ono, kotsika, kolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Unkaima panja n'kulowetsa dzanja, iwo ali mkati pampando. Nkhope yako sankaiona. Sankapereka moni, sankafunsa kuti wadzuka bwanji. Ankangonena liwu limodzi: "Chala." Mpaka ife ana a m'malayini, m'nyumba za antchito zija, tinawapatsa dzina loti a Chala, ndipo akuluakulu analitolanso.

Anthu obwera kumene ankati ndi amwano. Koma dzanja ankaligwira ngati akugwira kamwana ka nkhuku. Amayi anga amathyola tiyi, ndipo chala chawo chachikulu ndi cholozera n'zolimba ngati chikopa, zakuda ndi utomoni wa masamba. A Kumwenda zala zoterozo sankazibaya. Ankati munthu abwerera nazo kumunda mawa, nanga zikamapweteka adzaza bwanji dengu. Ankasankha chala choyandikana ndi kachala kotsiriza, chimene ankachitcha chaulesi, choti chimangoperekeza anzake ku ntchito.

Asanaone khadi ankadziwa kale kuti ili ndi dzanja la wodulira tiyi, ili la wa ku fakitale, ili la mlonda. Liwu lawo limodzi lija likatha, ngati dzanja alizindikira, nthawi zina ankawonjezera pang'ono.

"Amake Enelesi, mwabweranso? Neti ija munafunditsa nkhuku eti?"

"Iii a Chala, nkhuku zake ziti? Zinatha ndi chitopa."

"Ndiye fundani inuyo."

Enelesi ndine. Tsiku lina amayi anawafunsa chifukwa chake sasuzumira n'komwe kuti aone amene akumubaya. Anayankha kuti nkhope imanamiza maso. Ukaona nkhope ya bwana umafulumira, ukaona ya mnzako umayamba kupemphera kuti usapeze kanthu, ndipo diso limene likupemphera siliona bwino. N'chifukwa chake anali ndi lamulo lawolawo, limene palibe anawalembera: magazi a m'nyumba mwawo sankawayeza. Akazi awo kapena mwana wawo akadwala, ankawatumiza ku chipatala cha esiteti yoyandikana ndi yathu, kumene kunali mnzawo wa ntchito yomweyo.

Kwawo kunali ku Rumphi. Chichewa chawo chinali ndi kamvekedwe ka kumpoto mpaka imfa, ndipo pa Chilomwe anaphunzira moni wokha, umenenso ankaupotoza moti azimayi akakumana nawo m'njira ankawapatsa moni dala kuti aseke. Anakwatira kuno, mkazi wa m'mudzi wa kuseri kwa fakitale, telala, amene tonse timawatcha amake Lusungu. Atapuma pa ntchito, maso atayamba ng'ala, sanabwerere kwawo. Anamanga pa malo a akazi awo, ndipo ankadziseka okha kuti ndi Mtumbuka woyamba kukhala mkamwini popanda womukakamiza. Abale awo atabwera pamaliro anafuna kunyamula thupi. Ndinangomva kuti amake Lusungu anawayankha kuti munthu amene anakana kubwerera ali ndi miyendo yake asamubweze atagona, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ku Rumphi komweko ndi kumene anatenga chizolowezi chimene anzawo a ntchito ankawaseka nacho. Poyeza malungo, dontho la magazi amalipaka pa kagalasi, liume, alithire utoto, kenako aliyang'ane pa maikolosikopu. A Kumwenda ankachita zonsezo, koma ankatenganso dontho lachiwiri, n'kuliphimba ndi kagalasi kena kopyapyala, n'kuliyang'ana nthawi yomweyo lisanaume. Ankati magazi amafuna kuwaona akadali amoyo. Chimene ankafunafuna mmenemo ndi kachilombo ka kaodzera, matenda amene amabwera ndi ntchentche yoluma yotchedwa kashembe, ya m'nkhalango za nyama. Kwawo anakaona kambirimbiri ali mnyamata. Koma kuno ku Thyolo kashembe kulibe, ndipo nkhalango yathu ndi tiyi ndi mabulugamu. Anamwino ankati a Kumwenda akusaka ng'ona pamwamba pa phiri. Iwo ankangoyankha kuti anthu ali ndi miyendo, ndipo mabasi amapita kutali.

Ine kachilomboko ndinakaona kamodzi, ndili Sitandade 5. Ndinali womaliza pamzere, kunagwa mvula yamphamvu, ndipo ndinausa pakhonde. Ndikuganiza kuti anaiwala zoti ndilipo, poti sindipanga phokoso. Atatsegula chitseko anandipeza nditatsamira khoma, nati, "Ndiwe mwini chala chozizira chija? Bwera uone chinthu." Anatulutsa kagalasi kakale kamene anachoka nako kwawo, kokulunga m'thonje, m'kachitini ka maswiti.

Poyamba ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga. Kenako ndinaona timbale tofiirira tambirimbiri, amenewo ndiwo magazi, ndipo pakati pake tinthu totalika, topindika ngati tsamba louma la bulugamu. A Kumwenda anati kalikonse ndi selo imodzi yokha, kopanda mutu, kopanda mtima, koma kali ndi mchira. Mchirawo ndi wodabwitsa. Sulendewera kumbuyo ngati wa mbuzi. Umatulukira m'kathumba kakang'ono chakumbuyo, n'kukhotera kutsogolo, n'kuyenda momatirira m'mbali mwa thupi lonse, nsonga yake n'kukatulukira kutsogolo. Posambira mchira ndi umene umatsogola, thupi limatsatira. Ndipo mmene wamatiriramo umakweza kakhungu kopyapyala, kokhala ndi makwinya ngati a m'mphepete mwa diresi la mwana. Timene ndinaonato tinafa kalekale, koma anati ukationa tamoyo makwinyawo amayenda ngati nsalu yoyanika pachingwe mphepo ikamaiomba.

"Chinthu chokongola," anatero, "koma chimapha." Mawu oyambawo anawanena mokweza kuposa otsirizawo.

Funso limene linkawasowetsa mtendere linali la khungulo. Ankati khungu la selo ndi lofewa ngati mafuta oyandama pamadzi, ndipo chinthu chofewa chotero sichingasunge maonekedwe pachokha. Nanga n'chiyani chimalikulunga kuti likhale kapaipi kowonda kuzungulira mchira, kofanana kuyambira patsinde mpaka kunsonga? N'chiyani chimagwira kukamwa kwa kathumba kaja kuti kusagwe? Maikolosikopu yawo inali yakale, magetsi akazima ankaiunikira ndi kalilole wolandira dzuwa, ndipo zazing'ono choncho sikanatha kuzionetsa. Buku limene anaphunzirira linangojambula mchira n'kupitirira.

Funsoli ankapita nalo kunyumba, ndipo kumeneko linkakumana ndi amake Lusungu. Ine ndinkawamva ndikapita kukasoketsa yunifolomu, nditakhala pa sitepe, makina akulira.

"Payenera kukhala mkombero," ankatero a Kumwenda, "ngati wa dengu la tiyi. Chotsani mkombero, dengu lisanduka mphasa."

"Mkombero wa chiyani pa chinthu chopindikapindika? Umenewo ndi ulusi, bambo. Makwinya ndimawapanga ine tsiku ndi tsiku. Umasoka ulusi, n'kukoka, nsalu imamvera yokha."

"Ulusiwo ine sindinauonepo."

"Ulusi wa telala wabwino umaoneka?"

"Inu simunayang'anemo n'komwe."

"Ndiyang'anemo kuti chiyani? Magazi a anthu si kanema. Zaka zonsezi ine simunandiuzepo kuti ndine wokongola, koma kachilombo."

"Inu ndinu wokongola wosapha."

"Musathamangire kunena."

Ankaseka onse awiri, ndipo sabata yotsatira ankayambiranso pomwe analekezera.

Anali ndi mwana mmodzi yekha amene anakula, Lusungu, amene ife ana tinkawatcha achemwali. Ena anamwalira ali makanda, ine ndisanabadwe. Achemwali atatsiriza maphunziro a uphunzitsi anakayamba ntchito pa sukulu ina ku Nkhotakota, kufupi ndi nkhalango ya nyama. Chaka china, njala yaikulu itangotha, anabwera ku tchuthi cha Khirisimasi akudwala. Mutu unkawapweteka, thupi linkatentha, ndipo kuseri kwa bondo kunali bala lakuda limene ankati ndi chithupsa chimene chikupola.

A Kumwenda anasunga lamulo lawo. Anawatumiza kwa mnzawo uja, n'kumupempha kuti ayang'anenso dontho losauma. Mnzawoyo anayang'ana mosamala, sanaone kanthu ka kaodzera, anangopeza malungo pang'ono. Achemwali anamwa mankhwala, thupi linazizira, kenako linatenthanso. Anapitanso, sanapezenso kanthu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti tizilomboti timachuluka ndi kuchepa m'magazi ngati madzi a mumtsinje, ndipo ukayeza tsiku limene tachepa sutiona. A Kumwenda zimenezi ankazidziwa kuposa wina aliyense. Koma mnzawo akati palibe, iwo mawuwo ankawalandira ndi manja awiri.

Sukulu zinatsegulidwa, achemwali sanabwerere ku ntchito. Anaonda. M'malayini anthu anayamba kunong'ona za matenda a masiku ano, poti nthawi imeneyo maliro anali osatha, ndipo mtsikana akaonda anthu sankafunsanso zambiri. Kenako anayamba kugona masana. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde atagona chokhala, supuni ili m'manja, phala likuzizira pamiyendo. Awa ndi achemwali amene ankandiluka tsitsi akuimba, amene sankatha kukhala pansi.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapita kukatenga siketi yanga, ndipo ndinapeza makina ali chete. A Kumwenda ndi akazi awo ankakangana m'nyumba. Sanandione, ndipo ine ndinachita manyazi kubwerera.

"Wothyola tiyi amene sanapitirirepo Limbe," amake Lusungu ankatero, "mumamufunafuna kachilombo kanu tsiku ndi tsiku. Mwana wanu wachokera kumene kuli kashembe, inu mukuyang'ana kumbali."

"Anayezedwa kawiri."

"Ndi maso a eni."

"Maso anga pa mwana wanga sagwira ntchito. Mukudziwa."

"Si maso, bambo. Ndi mantha."

A Kumwenda anatenga chipewa n'kutuluka. Anandidutsa pa sitepe osandiona, n'kukaima m'munda wa tiyi atavala jekete la ku tchalitchi, mizere ya tiyi ikuwalekeza m'chiuno, ngati munthu amene waiwala kumene amapita.

M'mawa mwake ndinali pamzere wa pawindo, poti nanenso thupi linkatentha. Inali nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo azimayi anali ndi changu kuti abayidwe athamangire kumunda. Tili chiimire tinaona amake Lusungu akubwera, atawagwira achemwali m'chiuno, atawafunditsa chitenje kumutu. Sanapite kuchitseko ngati mkazi wa wantchito wa pachipatala. Anaima kumapeto kwa mzere. Azimayi anayamba kupatuka kuti adutse, koma iwo anapukusa mutu, n'kuika chala pakamwa. Mzere wonse unakhala chete. Ine ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka ndinakhala kumbuyo kwawo, sindikudziwa chifukwa chake. Achemwali ankasinza choimirira, mutu uli paphewa la amayi awo, ndipo kutentha kwa thupi lawo ndinkakumva ndili potero.

Anafika pawindo.

"Chala."

Amake Lusungu ananyamula dzanja la mwana wawo n'kulilowetsa. Ndinaona zala za a Kumwenda zikulilandira, zikulitembenuza monga mwa masiku onse, kenako zinaima. Patsinde pa chala chachikulu cha achemwali pali chipsera cha singano ya makina, chimene anavulala ali mwana posewera ndi makina a amayi awo. Chala cha a Kumwenda chinakhala pa chipseracho nthawi yaitali.

"Amake Lusungu," mawu anatuluka pawindo, otsika, "mwandichita chiyani?"

"Ndabweretsa chala. Si chimene mumafuna?"

"Lamulo langa mukulidziwa."

"Nkhope simukuiona. Bayani."

Dzanja silinabwezedwe, komanso silinabayidwe. Kenako mayi wina wachikulire wa gulu la amayi anga anayankhula kuchokera kumbuyo, mawu ake ofewa ngakhale anali ngati akukalipa: "Bayani, a Chala. Ife sikelo ya tiyi ikutidikira."

Anabaya. Anasankha chala chaulesi chomwe chija, ngakhale achemwali sanathyolepo tiyi. Achemwali sanadzidzimuke n'komwe.

Tinadikira. Ndinkamva mpando ukukhwekhwereza, ndi kagalasi kakugunda pachitsulo. Wotsatira pamzere ndinali ine, koma liwu lija silinabwere. M'malo mwake chitseko cha labu chinatseguka, a Kumwenda anaima pakhomo, nkhope yawo yatuwa ngati phulusa.

"Lowani," anatero kwa akazi awo. "Muone."

Azimayi awiri anawalandira achemwali n'kuwakhazika pabenchi. Amake Lusungu analowa m'chipinda chimene anachikana zaka zonsezo. Zotsatirazi sindinazione, ndinazimva kudzera pawindo, poti ndinali nditaima pomwepo.

"Tsinzinani diso linalo. Ayi, musagwire. Mwaona timbale? Yang'anani pamene tikugwedezeka."

Kenako ndinamva mawu a amake Lusungu.

"Ndi ichi chimene mwakhala mukuchiyamikira?"

"Ndi chomwecho."

"Chikuvina. Chikuvina m'magazi a mwana wanga." Mawu awo sanakwere. Kenako anati, "Vulani jasilo, bambo. Kapezeni galimoto."

A Kumwenda anatuluka, n'kugwada patsogolo pa benchi, n'kuchotsa chitenje kumutu kwa achemwali. Anawayang'ana nkhope, n'kunena mawu a Chitumbuka amene sindinawamve onse, koma "mwana wane" ndinamva. Ataimirira anatembenukira kwa ife a pamzere. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuona nkhope za anthu amene ankabaya zala zawo zili pamodzi chotero. Anayamba kupepesa kuti atisiya osatiyeza. Mayi wachikulire uja anawadula: "Pitani inu. Malungo athu ndi akale, atidikira."

Galimoto ya esiteti inawatengera ku chipatala chachikulu ku Blantyre tsiku lomwelo. Za kumeneko ndinangomva. Madokotala anatenga madzi a mumsana, n'kupeza kuti kachilomboko kayamba kale kufika ku ubongo. Kakanakhala kakadali m'magazi mokha, akanapereka mankhwala opepukirapo. Koma tsopano panafunika mankhwala ena aukali, amene amawotcha mitsempha polowa, ndipo nthawi zina amapha wodwala amene akufuna kumuchiritsa. A Kumwenda anawaonapo akugwira ntchito ku Rumphi, anaonapo amene anadzuka ndi amene sanadzuke. Akuti nthawi iliyonse ya jekeseni ankagwira dzanja la achemwali, n'kumayang'ana nkhope yawo osaphethira, kufuna kuona ngati maso ayamba kusokonezeka.

Achemwali anachira. Anabwera tiyi atayamba kuchepa, kuzizira kutayamba, ali owonda ngati bango, akuyankhula pang'onopang'ono ngati akusankha mawu m'lichero. Mawu anabwerera m'malo mwake patapita miyezi. Koma dzanja lamanja linatsala ndi kanjenje, ndipo mpaka lero akamalemba pabolodi zilembo zawo zimakhala ngati zalembedwa m'basi. Palibe amene anawadzudzula a Kumwenda, ngakhale akazi awo. Anali iwo okha amene ankanena, kwa aliyense amene wakhala nawo nthawi yaitali, kuti masabata amene kachilomboko kanayenda kuchoka m'magazi kupita kumutu anali masabata a lamulo lawo.

Kuyambira pamenepo liwu loti chokongola sindinalimvenso pakamwa pawo. Kachitini ka maswiti kaja sanakatulutsirenso mwana aliyense. Kawindo anakasiya momwemo, koma anayamba kuwerama n'kusuzumira, moti ena ankadzidzimuka poona diso la a Chala likuwayang'ana kuchokera pansi. Ndinkaganiza kuti funso la khungu lija analitaya. Ndinalakwitsa.

Atapuma kale pa ntchito, kunabwera mtsikana wina wophunzira udokotala kudzazolowera ntchito pa kachipatala kathu. Anamwino anamuuza za mkulu amene ankasaka ng'ona paphiri mpaka anaipeza m'nyumba mwake, ndipo iye anapita kukawaona. Ine ndinali pa sitepe ndi yunifolomu ya ku sekondale yofunika kufupikitsa. A Kumwenda sanachedwe ndi moni, anamufunsa funso lawo. Mtsikanayo anati zonse sazidziwa, ndipo ngakhale ophunzira kwambiri sanamalize kuzifufuza, koma anaphunzira kuti khungu la selo limapindidwa ndi mapuloteni. Ine mapuloteni ndinkawadziwa a nyemba ndi mazira a m'buku la sayansi. Iye anati m'selo muli mitundu yambirimbiri, yaing'ono koposa, uliwonse ndi ntchito yake. Ena ndi okhota ngati nthochi, ndipo akamatirira pakhungu ambiri pamodzi, khungulo limatenga kukhota kwawo n'kukhala kapaipi. Ena amapanga mphete pakamwa pa kathumba. Ena amalumikiza mchira ndi thupi kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo.

"Mphete," anatero a Kumwenda, akuloza akazi awo. "Mwamva? Mkombero."

"Amalumikiza," anatero amake Lusungu, osasiya kupalasa makina. "Mwamva? Msoko."

Mtsikanayo anaseka, n'kuwonjeza kuti ofufuza amatha kuletsa kachilombo kupanga puloteni imodzi, kuti aone chimene chichitike. Nthawi zina mchira umamatuka, nthawi zina kathumba kamawonongeka, ndipo kachilomboko kamalephera kusambira bwino ndi kugawikana, n'kufa.

Makina anaima. A Kumwenda anatsamira kutsogolo.

"Imodzi yokha?"

"Ina imodzi yokha imakwanira, bambo."

"Ndipo ya munthu siikhudzidwa?"

"Ngati ya kachilomboko ili yosiyana ndi yathu. N'chimene akufufuza."

"Ndiye akudikira chiyani?"

Mtsikanayo anawafotokozera mwaulemu kuti kuchoka pamenepo kufika pa mankhwala oti munthu amwe ndi ulendo wa zaka zambiri. Iwo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Sanafunse kuti mapuloteniwo amaoneka bwanji, kapena ngati pali chithunzi chake, zimene a Kumwenda akale akanayamba nazo. Anangoti, "Mukadzakumana nawo anthu amenewo, muwauze kuti afulumire. Muwauze za mankhwala owotcha mitsempha aja. Mwina sanawaonepo akulowa m'mkono wa munthu."

Achemwali atapeza mphamvu anapempha kuti asamutsidwe, ndipo anawapatsa sukulu ya ku Nsabwe. Lachisanu lililonse amabwera kudzagona kwa makolo. Pa siteji yathu, pamene msewu wa esiteti umakumana ndi msewu waukulu, pali kalavati wa simenti, ndipo a Kumwenda ankakhala pamenepo kuwadikira, ndodo ili pakati pa miyendo. Ine ndimadutsa pomwepo pochokera ku sukulu, choncho ndinaziona kambiri. Minibasi ikaima, achemwali ankasamutsira chikwama kumanzere asanatsike, chifukwa ankadziwa chimene chikubwera. Bambo awo sankapereka moni. Ankatenga dzanja lamanja lonjenjemera lija n'kuligwira kuti amve kutentha, kenako ankapapasa m'khosi ndi kuseri kwa makutu, kenako ankayandikitsa nkhope yawo pafupi kwambiri, poti maso anali atafooka, n'kuyang'ana m'maso mwa mwana wawo. Makondakitala anazolowera. Wina ankakuwa, "Chipatala cha pa siteji chatsegula! Madala, mutiyezekonso ife!" Achemwali ankati, "Adada, ndili bwino, anthu akutiona." Iwo sankamva. Akamaliza m'pamene ankati, "Mwayenda bwanji, amama?" n'kuwalandira chikwama, ngakhale anali iwo ofunika kuwagwira dzanja pokwera chitunda.

Ku Nsabwe kashembe kulibe. Ankadziwa. Anachita zimenezi mpaka Lachisanu lomaliza asanagonekedwe m'chipatala ndi matenda a mtima amene anawatenga.

Kalavatiyo alipobe. Mbali imene ankakhala simenti yake ndi yosalala kuposa inayo, ndipo pansi pali kadzenje kamene nsonga ya ndodo inakumba, kamene mvula ikukafufuta pang'onopang'ono. Masiku ena mayi wogulitsa mapeyala amaikapo beseni lake, masiku ena pamakhala anyamata a kabaza. Kumbuyo kwake tiyi wangoti biriwiri mpaka ku fakitale, ndipo pansi pake madzi amadutsa mwakachetechete. Dzulo linali Lachisanu, ndipo panalibe munthu. Minibasi ya ku Boma inaima, achemwali anatsika, chikwama chili kumanzere. Anaima pang'ono patsogolo pa kalavati, dzanja lamanja lili lopanda kanthu, likunjenjemera monga limachitira. Kenako analikweza, n'kudzigwira okha m'khosi, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kuyamba kukwera chitunda.